Kagetsi ka ABS kakuyakabe, inu mukuti ndingomatapo tepi?

Kwa inu akampani amene munandigulitsa njinga yamoto komanso ndinu omwe mumaipanga sevisi. Ndalemba pano poyera chifukwa ku inbox mukungowerenga osayankha, ndikaimba foni akumayankha ndi achemwali a pa risepushoni amene sadziwa kanthu za nkhaniyi, mpaka ndayamba kuwamvera chisoni chifukwa tsiku lililonse akungoti abwana atuluka, abwana ali mu miting'i. Masabata asanu tsopano. Nde mwina pano abwanawo aona.

Njingayi ndinabwera nayo kudzasinthitsa matayala onse awiri ndi mafuta a mabuleki, basi. Inabwera ilibe vuto lililonse. Aliyense amene ali ndi njinga ya ABS, makina aja oletsa gudumu kuloka ukafinya buleki mwamphamvu, akudziwa mmene zimakhalira, ukatembenuza kiyi kagetsi kachikasu kamayaka pa dashibodi, ukangoyamba kuyenda pang'ono magudumu nkuzungulira kamazima kokha, kutanthauza kuti kompyuta yadziyeza yapeza kuti zonse zili bwino. Zakhala choncho kuyambira tsiku lomwe ndinaigula. Koma tsiku lomwe ndinaitenga kwa inu kagetsi aka sikanazime. Ndinabwerera pompo ndisanafike nkomwe pa msewu waukulu, amakaniko anu anangosuzumira ali chiimire nkuti aaa kazima kokha mukayendako. Ndayendako, sikanazime.

Ulendo wachiwiri munati ndi batire. Apa sindinatsutse chifukwa nzoona kuti batire likafooka ABS imatha kuonetsa vuto, nde ndinalitchajitsa, tinaliyeza limodzi ndi mita yanu yomwe, lili bwinobwino. Kagetsi kali phee pomwepo.

Ulendo wachitatu ndi umene wandilembetsa zonsezi. Amakaniko anu aakulu aja anandiuza, anzawo awiri akumva ndipo akuseka, kuti mabuleki akugwira nde vuto lili pati bwana, kagetsi kakukusowetsani mtendere ingomatanipo tepi wakuda kapena tichotse fyuzi, ndipo munthu wodziwadi kuyendetsa safuna ABS, ku mpikisano waukulu wa njinga zamoto wa MotoGP kulibe zimenezo. Abale inu. Mawu amenewa akutuluka mkamwa mwa munthu amene wavala yunifolomu ya kampani yanu, kampani yomwe pondigulitsa munkaloza zilembo zitatu zomwezi pa foloko nkumati iyi nde chitetezo chenicheni.

Zoti ku MotoGP kulibe ABS nzoona, malamulo awo salola. Koma anthu aja amathamanga pa msewu wosesedwa, onse akulowera mbali imodzi, kulibe galimoto yotulukira mmbali, kulibe galu, kulibe oyilo wotayika amene wakhala pa phula masiku atatu, akagwa pali bwalo la timiyala lowalandira, masuti awo ali ndi airbag ndipo ambulansi ili pomwepo injini ikulira. Komanso amadziwa malo enieni amene agwire buleki chifukwa kona yomweyo aidutsa kambirimbiri. Ine sindidziwa pomwe ndigwire buleki mawa. ABS anaipangira nthawi imene munthu wadzidzimuka, dzanja lafinya lokha mutu usanaganize.

Ndipo si chinthu chachilendo choti nkumachiyesa chidole. BMW inaika ABS pa njinga ya K100 mu 1988, nthawi imeneyo chinali chimakina cholemera ndithu. Kwa zaka zambiri anthu a njinga zothamanga ankaikana eti njolemera komanso imalowerera msanga, mpaka mu 2009 Honda inaika Combined ABS yoyendetsedwa ndi kompyuta pa CBR600RR ndi CBR1000RR, njinga zothamanga zenizeni. Kenako kampani ya Bosch inabweretsa ina yotha kugwira ntchito njinga itapendekeka pa kona, inayambira pa KTM 1190 Adventure. Ku European Union anachita kuika lamulo kuti njinga zopitirira 125cc zikhale ndi ABS, mitundu yatsopano kuyambira 2016, ndipo India nayo inatsatira. Ndiye maiko onsewa ndi mainjiniya onsewa alakwitsa, olondola ndi amakaniko anu ndi tepi wawo?

Sabata yatha Lachitatu kunagwa kamvula kowaza, kaja kongonyowetsa phula osalitsuka, komwe msewu umaterera kwambiri. Ndinali cha mma 60 basi, sindinkathamanga. Galimoto inatulukira mmbali osayang'ana. Ndinafinya buleki ya kutsogolo ndipo mmalo momva kaja kunjenjemera pa liva komwe kamakuuza kuti makina akugwira nkumasiya, gudumu linangouma gwa, ndinamva tayala likulira, handulo inakhotera kumanzere yokha ngati wina waikoka ndipo kutsogolo konse kunayamba kupita pansi. Sindikudziwa kuti zala zinamasuka bwanji koma zinamasuka, tayala linagwiranso phula njinga nkudzuka mondigwedeza mpaka bondo kumenya thanki, ndinadutsa kumbuyo kwa galimoto ija mwina ndi mpata wa chikhatho. Nditaima pambali ndinalephera kuvula magulovu, manja ankangonjenjemera. Ndinakhala pamenepo kanthawi ndikuyang'ana kamzere kakuda komwe tayala linasiya pa phula, ndipo kagetsi kanu kaja kali ngwee kundiyang'ana.

Nzoona mabuleki akugwira, ABS ikafa mabuleki wamba amatsala, zimenezo ndikudziwa. Koma pa njinga gudumu la kutsogolo likangoloka si ngati galimoto yomwe imangoseseleka ili chiimire pa matayala anayi. Njinga imagwa, ndipo imagwa msanga kuposa mmene munthu angaganizire chochita. Njinga zothamangazi nzazifupi, mabuleki ake ndi amphamvu zedi moti zala ziwiri zokha zikhoza kuimitsa gudumu kapena kunyamula kumbuyo, pafupifupi ntchito yonse yoimitsa imagwiridwa ndi tayala la kutsogolo pa kamalo kochepa ngati chikhatho.

Nditafika kunyumba ndinachita zomwe inu munayenera kuchita tsiku loyamba. Ndinaikweza pa sitandi, kutenga tochi, nkuyamba kuzunguza gudumu la kutsogolo pang'onopang'ono. Pakati pa disiki pali karing'i kachitsulo kokhala ndi timabowo tambirimbiri, ndipo pafupi nako pali sensa imene imawerenga timabowoto tikamadutsa, apa mpomwe kompyuta imadziwira liwiro la gudumu. Ikaona kuti gudumu likufuna kuima pomwe njinga ikadathamanga imatsegula ndi kutseka mavalavu kangapo pa sekondi imodzi, pampu nkumabweza mafuta, basi nkhani yonse ndi imeneyi. Karing'i kanga kakuyenda mopepeluka. Mbali imodzi nkopindika, ndipo pa nkhope ya sensa pali zokalika zatsopano zonyezimira pomwe kakhala kakukhula. Waya wa sensa nayenso sanabwezedwe mu kilipi yake, akungolendewera pafupi ndi tayala. Ine si makaniko koma ndili ndi maso. Karing'i sikapindika kokha njinga ili pa msewu bwinobwino, kamapindika gudumu likagonekedwa pansi mosasamala posintha tayala kapena likagunditsidwa polibwezera. Ndipo amene anachotsa gudumu limeneli chigulire ndinu nokha. Zithunzi ndajambula, ndi vidiyo yomwe.

Chomwe chikundiwawa kwambiri si kupindika kwa karing'iko ayi, ngozi pa ntchito imachitika, munthu aliyense amalakwitsa. Mukanangoti pepani tapinda tikonza, bwenzi nkhaniyi itatha kalekale ndipo bwenzi ndikukutamandani. Koma maulendo atatu palibe ndi mmodzi yemwe amene analumikiza kompyuta yoyezera kuti awerenge code yosonyeza vuto. Ili pomwepo pa tebulo, ndinaiona ndi maso anga itavundikiridwa ndi kansalu. Ntchito ya mphindi zochepa chabe. Mmalo mwake munasankha kundipanga ngati ine ndi wamantha wosadziwa kuyendetsa.

Za mafuta a mabuleki nazonso ndili nazo mafunso. Pa risiti mwalemba kuti mwathira DOT 4 watsopano kutsogolo ndi kumbuyo, koma mu kabotolo ka kumbuyo mafuta ake ndi oderako ngati akale aja, ndipo liva ya kutsogolo ikumveka yofewa ngati siponji pomwe kale inali yolimba. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi nchifukwa chake amati azisinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndipo mpweya ukalowa mu makina a ABS pa njinga zambiri umafuna kompyuta yomweyo kuti iyendetse pampu pouchotsa. Nde ngati kompyutayo simunaigwire nkomwe, munapopa bwanji? Kapena munangothira pamwamba?

Tsono abwana, chomwe ndikufuna si chambiri. Mulumikize kompyuta ine ndili pomwepo ndione code ndi maso anga. Karing'i musinthe ndi katsopano osati kuwongola ndi pulayazi, sensa nayo ngati yawonongeka musinthe, pa ndalama zanu osati zanga komanso musandiuze kuti zilowe mu waranti ngati kuti ndi vuto la ku fakitale, ayi, ndi manja anu. Mabuleki apopedwenso moyenera. Ndipo ndikufuna zilembedwe pa job card kuti vuto linali chani ndipo linayamba liti, chifukwa tsiku lina ndikadzafuna kuigulitsa wogulayo ali ndi ufulu wodziwa.

Amakaniko aja sindikufuna achotsedwe ntchito, ali ndi ana. Koma wina awakhazike pansi, chifukwa ine ndinakana tepi, kaya ndi angati amene anavomera nkumayenda pano akuganiza kuti ali ndi ABS pomwe fyuzi ili mthumba la ovololo.

Njinga ili pa sitandi, sindikuikweranso mpaka kagetsi kazime. Loweruka mmawa ndibwera nayo pa galimoto yonyamula, ndipo risiti ya galimotoyo ndibwera nayonso. Mundiyankhe pompano pomwe anthu akuona, ndiuzeni nthawi yake komanso dzina la udindo wa amene ndikamupeze, osati achemwali a pa risepushoni aja.