Zikomo a ku laibulale ya Mzuzu, ndinabwera nditakonzekera ndewu

Kwa abwana oyang'anira laibulale ya boma kuno ku Mzuzu, ndi nonse amene mumagwira ntchito kumeneko,

Ndikulemba usiku uno ana atagona, magetsi alipo mwamwayi, nde ndati ndilembe pompano ndisanazizire. Ine makalata amene ndalembapo kumaofesi ndi odandaula okhaokha, othokoza sindinazolowere, ndiye ndikayamba kuzungulira mundipirire.

Ndine mayi wa ku Chibavi, ndinaphunzitsapo ana a sitandade 2 ndi 3 ndisanayambe geni yanga ya kaunjika. Nkhani yonseyi inayamba ndi mwana wa aneba, wa sitandade 5, amene anabwera ndi kapepala ka mankhwala a agogo ake kuti ndimuwerengere. Ndinati werenga wekha ndimve, mwana kuyamba kutuluka thukuta m'mawa wozizira ngati wa kunowu. Sitandade 5 eti, kumene maphunziro ambiri amayamba kukhala a Chingerezi, iye Chichewa chomwe akuchita kukoka phatikizo limodzilimodzi. Sindikunena aphunzitsi ayi, ndinakhalamo m'kalasi ndikudziwa, chiyambire pulaimale yaulere mu 1994 makalasi ndi odzaza, ndipo ngakhale boma linabweretsa pulogalamu yowerenga ija mu 2016, mwana wakhala kumbuyo kwenikweni pansi buku limodzi atatu atatu, liwu la "mb" ndi la "mph" alimva nthawi yanji? Komanso ana athu kuno ali ndi katundu wa zilankhulo zitatu, pakhomo Chitumbuka, m'kalasi Chichewa, kenako a MANEB, bungwe la mayeso, akuwadikira ndi Chingerezi ku sitandade 8.

Nde ndinayamba kusonkhanitsa ana a m'dera lathu pakhonde panga, tinafika 14. Koma khonde langa ndi laling'ono, mvula ya ku Mzuzu mukuidziwa simapempha chilolezo, ndipo mabuku ndinali nawo anayi okha, limodzi lopanda chikuto. Ndinati ndikapemphe malo.

Mayo ine, apa ndi pomwe ndinaonera. Ofesi yoyamba, sinditchula, ndinapita katatu. Ulendo woyamba abwana ali pa miting'i. Wachiwiri abwana apita kunyanja ku msonkhano, abwera Lolemba. Wachitatu ndinapeza jekete lili pampando, mwini wake kulibe, ndinakhala pabenchi kuyambira 9 koloko mpaka kabaza amene ndinamuuza kuti andidikire anatopa nkumapita. Mtsikana wa pa desiki anali pa foni nthawi yonseyo, kundiyang'ana kamodzi kokha, kuyambira nsapato kufika ku duku, nkundifunsa kuti "mwachokera bungwe lanji?" Nditati sindinachokere bungwe ndine mayi chabe, nkhope inasintha ngati ndanena kuti ndabwera kudzapempha ufa. Kwina anandiuza kuti holo ilipo koma ndilipire ngati ya ukwati, ine wogulitsa masiketi a kaunjika. Kwina kunali bambo wina amene anandinong'oneza kuti kalata yanga ikhoza kuyenda msanga ndikaganizirako ya fanta. Ndipo a kabungwe kena anabwera kwathu ndi galimoto yoyera, anajambula ana atanyamula mabuku, atatha kujambula mabuku aja anabwerera m'katoni nkukwera galimoto yomweyo. Mpaka lero ana amandifunsa kuti anthu a mabuku aja abwera liti.

Ndiye tsiku limene ndimabwera kwanuko, kutatsala pang'ono holide ya Pasaka, ndinali nditamanga kale chitenje cholimba. Mawu oyankha ndinali nditakonzeratu mu minibasi, akati bwerani mawa ndinena izi, akati abwana kulibe ndinena izi. Ndinalowa nkhope ili gwa.

Amayi a pa desiki yakutsogolo aja, sindiwatchula dzina chifukwa sindinawapemphe, koma mukuwadziwa, amavala magalasi a chingwe, anandipatsa moni ndisanatsegule pakamwa. Anati "khalani pansi kaye mayi, mwanyowa." Basi mawu anga onse aja anathawa. Anandimvetsera mpaka kumapeto osagwira foni, anafunsa kuti anawo ndi a zaka zingati, akuvutika pati, maliwu kapena kumva tanthauzo. Funso limenelo palibe anandifunsapo kwina konse. Za mapepala sindikumbukanso bwinobwino, ndikudziwa kuti panali kakalata koti ndilembe, anandithandiza okha mawu ake, analowa nako mkati, anatuluka, tinagwirizana masiku ndi nthawi, zinatha tsiku lomwelo. Ndinafunsa kawiri kuti ndibwerenso liti kudzamva yankho, iwo kuseka, akuti yankho ndi lomweli.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi cha tsiku loyamba tinabwera ndi ana. Mvula inayamba tili m'njira, ambulera ziwiri anthu 15, tinafika tili chonyowa. Ana ena analowa, koma mnyamata uja wa kapepala ka mankhwala anaima pakhomo osasuntha. Patapata wake anaduka m'matope, mapazi ofiira mpaka mu akakolo, akuyang'ana simenti yanu yokolopa bwino ija, akuyang'ana mashelefu, ndinaona kuti akufuna athawe. Ine ndinali kalikiliki kuwerenga mitu ya enawo, ndipo kunena zoona ndinali ndi mantha kuti tithamangitsidwa tsiku loyamba lomwe chifukwa chodetsa.

Amayi aja anadzuka pa desiki, anapita kuseri, anabwera ndi kabeseni ka madzi ndi chitenje chawo chomwe, chimene amafunda pamapewa kukazizira. Anagwada pakhomo pomwepo, mayi wamkulu ndithu woti ndi agogo a munthu, kumuuza mwana m'Chitumbuka kuti asambe mapazi, iwo kumupukuta mutu ndi chitenje chija. Kenako anatenga patapata uja, anachotsa pini pa bulauzi yawo nkulumikiza kachingwe kaja pansi. Osakweza mawu, osamupanga mwana chionetsero. Atatha anamugwira dzanja mpaka ku mashelefu a ana nkumuuza kuti sankha lililonse, ngakhale la zithunzi zokhazokha, muno palibe amene akuchonge. Mwana anasankha la zithunzi la nyama, anakhala nalo pakona ola lathunthu. Ine ndinachita kutembenukira kukhoma kunamizira kufuna choko m'chikwama. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ine ndimayesa ndi mawu ongonena pamaliro ndi pa chinkhoswe.

Ndipo sanathere pomwepo. Ataona kuti makadi anga a mawu ndi a mapepala a kope ong'ambika msanga, ulendo wotsatira ndinapeza andisungira makatoni akale atawadula kale bwinobwino timakona, atamanga ndi labala. Ndani anawatuma? Palibe.

Makadi amenewo ndi amene akugwira ntchito yaikulu pano. Timayamba ndi maphatikizo, ba be bi bo bu, mwana aliyense atenga makadi awiri atatu apange mawu, amene wapanga mawu opanda tanthauzo ayimbe nyimbo. Kenako masewera amene ana amawakonda kuposa onse, a zilankhulo zitatu: ndikweza chithunzi, wina akuti ntcheŵe, wina galu, wina dog. Maji, madzi, water. Chona, mphaka, cat. Apa ndi pomwe ndinazindikira kuti ana amene kusukulu amaoneka ngati ogona mutu ali ndi mawu ambiri zedi, kungoti ali m'chilankhulo chimene sichifunsidwa pa mayeso, ukangowatsegulira khomo limenelo enawo amalowa mosavuta. Pomaliza ndimawerenga nthano mokweza kuchokera m'timabuku ta Chichewa ta pa shelefu yanu, ndikaima pakati nkufunsa kuti kalulu apanga chani tsopano, phokoso lake! Pepani kwa akuluakulu amene amawerengera mayeso mbali inayo, tikuyesetsa kunong'ona koma mwana wa zaka 7 akadziwa yankho kunong'ona sakudziwa. Aliyense ali ndi kakope kake kolembamo mawu atsopano asanu, akafika kunyumba akawaphunzitse munthu mmodzi. Agogo ena a ku Zolozolo akuti pano akudziwa "umbrella".

Mnyamata uja sabata yatha wawerenga tsamba lathunthu, pang'onopang'ono, chala chili pamzere, koma wafika pansi yekha. Atamaliza sanayang'ane ine mphunzitsi wake, anayang'ana ku desiki.

Mzinda uno tinalira laibulale ya ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) itapsa mu Disembala 2015, aliyense amadandaula za mabuku, ngakhale anthu oti buku anasiya kugwira kalekale. Koma m'maofesi ena momwemo mwakhala anthu oti mwana akafuna pokhala kuti awerenge amamuona ngati chisokonezo. Sindikutchula munthu, eni ake akudzidziwa, jekete lija mwina likadali pampando. Ndikanakonda tsiku lina akamapita kumisonkhano ya kunyanja ija adzadutse kaye kwanuko, akhale pabenchi theka la ola aone mmene amalandirira munthu wopanda bungwe, alawansi yake ndikanapereka ine siketi imodzi yabwino ya mu belo latsopano.

Abwana, ngati pamakhala poyamikira wantchito kumalikulu anu ku Lilongwe, dzina la amayi aja mulitumize, ndipo muwauze kuti ndanena ndine. Alonda a pageti nawonso zikomo, pano amatiwerengera okha ana potuluka kuopa wina angatsale pansi pa tebulo ndi buku. Makolo ena a ku Mchengautuwa ndi ku Chiputula ayamba kundiimbira kuti nawonso abweretse awo, ndawauza adikire ndikambe nanu kaye, sindikufuna kudyera masuku pamutu anthu amene andichitira ulemu.

Chitenje chija ndinapita nacho kukachapa, ndachisita, ndibwera nacho ulendo uno pamodzi ndi nthochi zochepa zochokera kwa agogo a mnyamata uja. Akuti musakane.

Yewo chomene, zikomo kwambiri.

Ine mayi wa ana 14 a ku Chibavi