Kwa a sitolo amene munandigulitsa zida za kompyuta ya magemu: izi si zimene tinagwirizana

Akuluakulu, ndikulemba pano poyera chifukwa ku inbox munasiya kundiyankha, ndipo ndikaimba foni amene amayankha amangoti abwana achokapo. Sindinabwere kudzakunyozani. Ndikufuna mukonze zimene munalakwitsa, komanso kuti ena amene akusunga ndalama kuti adzagule zida zomwezi adziwe zimene zili m'mabokosimo asanalipire.

Nditabwera kwa inu ndinalankhula zomveka. Ndinati ndalama zanga ndi zowerengeka, ndikufuna kompyuta yosewerera magemu pa 1080p popanda kudukiza, ndipo nthawi zina ndimajambula ndikamasewera. Ndinanenanso kuti ndizidzawonjezera zida pang'onopang'ono ndikamapeza ndalama. Funso langa linali limodzi: kodi zida zimenezi zikugwirizana? Wogulitsa wanu anati zonse zinayesedwa pamodzi. Mndandanda umene munandipatsa unali wa purosesa ya Ryzen 5 5600, motherboard ya B450, graphics card (khadi yotulutsa zithunzi pa sikirini) ya Radeon RX 6500 XT, RAM ya 16GB, SSD ya M.2, power supply yolembedwa 600W, ndi kesi ya galasi yokhala ndi mafani owala mitundumitundu. Pa chithunzi cha malonda anu munalemba kuti kompyutayi imasewera magemu atsopano pa ultra, mlingo wapamwamba kwambiri wa kaonekedwe ka zithunzi.

Ndinene pachiyambi pomwe kuti opanga zida zimenezi sindikuwadandaula. Ryzen 5 5600 ndi purosesa yabwino kwa munthu wa bajeti yochepa, ili ndi ma core 6 (tizigawo togwira ntchito nthawi imodzi) ndipo imakwanira magemu ambiri. B450 nayo inatumikira anthu ambiri bwinobwino. Vuto ndi inu amene munazisonkhanitsa pamodzi mosaganizira kuti china chikupondereza chinzake, kenako n'kunditsimikizira kuti munaziyesa. Chimene ndinkalipira kwenikweni ndi uphungu wanu, poti zida zokhazo ndikanatha kuzigula kulikonse.

Nditamanga zonse n'kuyatsa, mafani anazungulira, magetsi anawala, koma sikirini inangokhala bii. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense wogulitsa zida zimenezi. Ma B450 anatuluka mu 2018, pamene mapurosesa a Ryzen 5000 anayamba kutuluka mu November 2020, ndipo 5600 yeniyeniyo inabwera mu April 2022. Onse amalowa pa soketi imodzi ya AM4, koma motherboard yakale siyizindikira purosesa yatsopano mpaka BIOS yake, pulogalamu ya m'motherboard imene imayambitsa kompyuta, itasinthidwa. Ma B450 amene anachoka kufakitale atasinthidwa kale amakhala ndi chomata pabokosi chosonyeza kuti ndi okonzekera Ryzen 5000. Bokosi limene munandipatsa linalibe. Ma motherboard ena ali ndi batani kumbuyo loti munthu asinthire BIOS ndi flash disk popanda purosesa, koma iyi ilibe, choncho pamafunika purosesa yakale kuti iyambe yayaka. Nditakufotokozerani, munati mukhoza kundisinthira koma ndilipirenso. Ndilipire chiyani, pamene munandiuza kuti zinayesedwa? Zikanayesedwa zikanayaka. Mnzanga ndi amene anandibwereka Ryzen yake yakale, n'kuchotsa m'kompyuta yake yomwe akugwiritsa ntchito, kuti yanga iyake.

Koma chimene chikundipweteka kwambiri ndi graphics card, chifukwa pa kompyuta ya magemu m'pamene ndalama zambiri zimayenera kupita, ndipo m'pamene munandilakwira kwambiri.

RX 6500 XT inatuluka mu January 2022. Ili ndi memori ya 4GB yokha, ndipo imalumikizana ndi kompyuta yonse kudzera pa njira 4 zokha za PCIe, pamene makadi ambiri amagwiritsa ntchito njira 8 kapena 16. Opanga ake anaipanga kuti igwire ntchito pa PCIe 4.0, pomwe njira 4 zimenezo zimadutsitsa pafupifupi 8GB pa sekondi. B450 imene munandigulitsa imathera pa PCIe 3.0, ngakhale purosesayo ikutha 4.0. Pamenepo njira 4 zija zimadutsitsa pafupifupi 4GB pa sekondi, theka chabe. Ndikatsegula GPU-Z, pulogalamu yosonyeza mmene khadi ikugwirira ntchito, zikuoneka poyera kuti khadi ikuyenda pa x4 3.0, ndipo chithunzi chake ndinakutumizirani.

Zikanakhala kuti memori ya khadiyo ndi yambiri, kuchepa kwa njirako sikukanaoneka kwenikweni. Koma magemu ambiri a masiku ano amadzaza 4GB mwamsanga, makamaka munthu akakweza ma texture, omwe ndi maonekedwe a pamwamba pa zinthu za mu gemu. Memori ikadzaza, khadi imayamba kukatenga zinthu mu RAM ya kompyuta, ndipo zonsezo zimadutsa pa njira zopapatiza zomwe zija. Zotsatira zake n'zimene ndikuziona ine: gemu ikuyenda bwino, kenako ndikakhota kapena kulowa malo atsopano chithunzi chimaima kaye n'kudumpha. Pa gemu yowomberana, kuima kotereku kumatanthauza kuti wafa usanaone amene wakuwombera. Kuti zisiye ndimayenera kutsitsa zinthu mpaka pa low. Nanga ultra imene munalemba ija ili kuti? Anthu oyesa zida anachenjeza za khadi imeneyi pa PCIe 3.0 kuyambira pamene inatuluka. Inu mumagulitsa zinthu zimenezi tsiku ndi tsiku, sindingakhulupirire kuti simunamvepo.

Palinso china. Ndinakuuzani kuti ndimajambula masewera anga. RX 6500 XT ilibe gawo lojambulira vidiyo ya H.264 kapena HEVC limene makadi ambiri ali nalo. Ndikatsegula OBS, pulogalamu yojambulira, ntchito yonse yojambula imagwera purosesa, yomwenso ikuyendetsa gemu. Mukanangondiuza mawu amodzi, ndikanasankha ina.

Ndipo ina yake inalipo pashelefu panu pomwepo. RX 6600, ya mu October 2021, ili ndi 8GB ndi njira 8. Ngakhale pa PCIe 3.0 imapeza pafupifupi 8GB pa sekondi, mlingo umene 6500 XT imaupeza ikakhala pa motherboard yoyenera, ndipo chifukwa memori yake ndi yambiri siyifunika kupita ku RAM kawirikawiri. Imajambulanso vidiyo. Pa B450, imeneyo ndi imene munthu woganizira kasitomala akanaloza. Kapena mukanasiya khadi yomweyi n'kundipatsa motherboard ya B550, imene ili ndi PCIe 4.0, ngakhale vuto la 4GB likanatsalabe.

Za RAM sindichulutsa. Munalemba 16GB ndipo ndi 16GB ndithu, koma ndi kamtengo kamodzi. Purosesa imeneyi ili ndi makhwalala awiri opita ku memori, ndipo kuti onse agwire ntchito pamafunika timitengo tiwiri ta 8GB. DDR4-3200 pa khwalala limodzi imadutsitsa 25.6GB pa sekondi, pa awiri 51.2GB. Pa kompyuta imene khadi yake imadalira kale RAM ikadzaza, kamtengo kamodzi kakungowonjezera kudukiza kuja. Pa mndandanda wanu womwewo, timitengo tiwiri ta 8GB ndi kamodzi ka 16GB sizikusiyana mtengo kwenikweni. SSD nayo munalemba NVMe pa risiti, koma pulogalamu yoyezera ma disk ya CrystalDiskInfo ikusonyeza kuti ndi ya SATA yongokhala ndi maonekedwe a M.2. SATA imathera cha m'ma 550MB pa sekondi pamene NVMe ya PCIe 3.0 imafika cha m'ma 3500MB. Pa magemu kusiyana kwake sikukula kwambiri, ndipo ndikanailandira mukanandiuza zoona. Koma cholembedwa pa risiti chizikhala chimene chili m'bokosi.

Tsopano power supply. Apa sitikukambanso za gemu kudukiza, tikukamba za moto. Pabokosi palembedwa 600W ndi zilembo zikuluzikulu. Pa chomata cha m'mbali, pamene pamalembedwa zoona, mzere wa 12V ukusonyeza 25A. Muchulukitse 12 ndi 25, mupeza 300W. Purosesa ndi graphics card zonse zimadya pa 12V, ndiye mphamvu yeniyeni imene ndingadalire ndi theka la imene munandiuza. Mwina munganene kuti 300W ikukwanira zida zimene zilimo panopa, ndipo pamasamu n'zoona. Koma ndinakuuzani kuti ndidzawonjezera zida mtsogolo, ndiye power supply imeneyi ndidzaitaya tsiku limene ndidzagule khadi yamphamvu. Dzina la wopanga sindikulipeza paliponse, ndipo palibe pamene palembedwa za chitetezo chimene chimazimitsa power supply magetsi akachuluka kapena mawaya akagundana.

Choopsa kwambiri n'chakuti ilibe chingwe cha magetsi cha PCIe chopita ku graphics card. M'malo mwake munaponya m'thumba kaadaputa kochotsa magetsi pa pulagi ya SATA kupita ku pulagi ya mapini 6. Pulagi ya mapini 6 inapangidwa kuti izipereka 75W. Pulagi ya SATA pa 12V inapangidwa kuti isapitirire 4.5A, yomwe ndi 54W. Kukoka mphamvu yoposa pamenepo pa timapini tating'ono timeneti kumatenthetsa pulasitiki mpaka kusungunuka. Ineyo ndinamva fungo la pulasitiki wopsa ndikusewera, nditazimitsa n'kutsegula ndinapeza adaputayo yasintha mtundu ndipo ikuotcha kuigwira. Kompyuta imeneyi ili m'chipinda chimene ndimagona. Kuyambira pamenepo sindinayatsenso. Kodi ndi anthu angati amene munawapatsa kaadaputa komweka amene sanamvebe fungo?

Ndikayang'ana risiti, ndikuona bwino kumene ndalama zanga zinapita. Zinapita ku kesi ya galasi ndi mafani owala, zinthu zimene siziwonjezera ngakhale pang'ono kuthamanga kwa gemu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kesiyo kutsogolo kwake ndi galasi lotseka, mafani akuzungulira koma mpweya ukulowa movutikira kudzera m'timipata ta m'mbali. Kesi wamba ya maunauna kutsogolo, yopanda magetsi okongoletsa, ikanaziziritsa bwino pa mtengo wotsika, ndipo ndalama zotsalazo zikanapita ku khadi ndi ku power supply. Munthu wa bajeti yochepa amayamba wasankha graphics card yabwino imene angathe, n'kupeza purosesa ndi motherboard zimene siziipondereza, RAM ya timitengo tiwiri, ndi power supply ya wopanga wodziwika yokhala ndi zingwe zakezake za PCIe. Kukongola kumabwera pomaliza ngati kwatsala kanthu. Inu munatembenuza dongosolo limeneli chifukwa magetsi owala ndi amene amakopa pa chithunzi, ndipo ndikukayikira kuti munafunanso kuchotsa katundu amene anakhalitsa pashelefu.

Nditabweretsa madandaulo onsewa, yankho lanu linali lakuti katundu wotsegulidwa sabwezedwa. Ndikufunseni mwaulemu: munthu angadziwe bwanji kuti motherboard sikuyaka, kapena kuti adaputa ikutentha, asanatsegule bokosi? Waranti imene munalemba pa risiti imagwira ntchito pa katundu uti ngati wotsegulidwa saloledwa? Palibe chimene ndinaswa. Mapini a purosesa ali bwinobwino, mabokosi onse ndinasunga pamodzi ndi timapepala take, ndipo uthenga umene wogulitsa wanu ananditsimikizira kuti zonse zinayesedwa ndili nawo m'foni.

Zimene ndikupempha si zambiri. Mutenge power supply imeneyi pamodzi ndi adaputa yake, mundipatse ya wopanga wodziwika imene mphamvu yake ya 12V ikufanana ndi zimene zalembedwa pabokosi ndipo ili ndi chingwe cha PCIe. Mutenge RX 6500 XT mundipatse RX 6600, ndalama yosiyanayo ndilipira ndekha popanda kukangana. Musinthe kamtengo ka 16GB ndi tiwiri ta 8GB tofanana, chifukwa kudzawonjezera kena ka mtundu wina pambuyo pake nthawi zina kumabweretsa mavuto ake. Za SSD, mundipatse NVMe imene ili pa risiti kapena mundibwezere yosiyanayo. Kesi ndikhala nayo.

Chinanso n'chokhudza anthu ena. Chotsani mawu oti ultra pa chithunzi chija, ndipo pa malonda anu muzilemba dzina lonse la chida chilichonse: motherboard yake iti ndipo BIOS yake ndi yanji, RAM timitengo tingati, power supply ya ndani ndipo 12V yake ndi ingati. Ndipo amene munawagulitsa kale zida zimenezi muwaimbire foni lero muwauze achotse adaputa ija.

Mundiyankhe pano pomwe kuti onse aone, osati kundiuza kuti ndibwere ku inbox kumene uthenga wanga wakhala osawerengedwa. Mukanena tsiku ndi nthawi, ndibwera ndi mabokosi onse ndi risiti.