Makontirakiti a miyezi itatu atitopetsa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za makontirakiti a miyezi itatu omwe afala m'makampani ena ku Kanengo.

Ine ndimapakira ndi kutsitsa katundu pakampani ina. Chaka chino n'chachitatu, koma mpaka pano ndikadali waganyu. Miyezi itatu ikatha amati tikapume sabata imodzi, kenako tidzasainenso pepala lomwe lija. Sabata imeneyo tulo sitibwera. Foni ndimagona nayo kumutu kuopa kuti akapitawo angaimbe ine osamva. Alandilodi anga ku Area 25 za kontirakiti alibe nazo ntchito, mwezi ukatha agogoda basi.

Chonsecho lamulo la Employment Act la 2000 limati ngati ntchitoyo ndi ya masiku onse pakampani, woigwira atengedwe kuti ndi wokhazikika, ngakhale pepala litanena za miyezi. Limatinso maola ogwira ntchito ndi 48 pasabata, opitirira apo ndi ovataimu. Ife Loweruka timaweruka dzuwa litalowa, ovataimu osaiona. Ukafunsa amangokulozera kugeti, komwe anyamata amafola kuyambira mbandakucha, maenivelopu a khaki ali m'manja. Nanenso ndidaimapo pamenepo miyezi 7, nsapato mpaka kutha chidendene, ndiye ndimangoti zii.

Mnzanga wina BP idamukwera, koma kuchipatala sapita poopa kudulidwa tsiku. Amangomwa panado n'kubwerera pa thiraki.

Akuluakulu a ku unduna wa zantchito, tabwerani mudzayendere makampaniwa mosalengeza. Mukafika musakathere mu ofesi ya abwana, mudzatipeze kuseri komwe timadyera chimanga chootcha masana, tidzakuonetseni mapepala tidasainawo.

Waganyu wotopa,
Area 25, Lilongwe