Kalata yotseguka kwa Mkulu wa bungwe la AERA, loyang'anira za nyukiliya m'Malawi, pa katundu wa nyukiliya wodutsa m'malire athu

Wolemekezeka Bwana,

Ndikukulemberani chifukwa lamulo la Atomic Energy Act la 2011 linapatsa bungwe lanu udindo wopereka zilolezo pa katundu aliyense wotulutsa cheza choopsa, kaya akulowa, akutuluka kapena akungodutsa m'dziko muno. Pempho langa ndi lakuti anthu okhala m'mbali mwa misewu adziwe zimene mwaloleza.

Malamulo a pakati pa maiko ndi omveka. Mfundo zimene bungwe la IAEA, loona za nyukiliya pa dziko lonse, linakhazikitsa mu 1990 zimati zinyalala za nyukiliya zisadutse malire pokhapokha dziko lotumiza litadziwitsiratu dziko lolandira ndi maiko amene zidzadutsemo, ndipo iwo atavomera. Pangano la Bamako la 1991 linafika poletseratu kulowetsa zinyalalazi mu Africa, atsogoleri ataona mmene migolo ya poizoni yochokera ku Italy inatayidwira ku Koko, ku Nigeria, mu 1988. Koma chidziwitso chonsechi chimathera m'maofesi a boma. Nyakwawa ya ku Karonga, namwino wa pa chipatala chaching'ono ndi wapolisi wa pa roadblock, amene ndiwo adzayambe kufika pamalo thiraki ikagubuduzika usiku, palibe ndime imene imawatchula.

Ndikudziwa kuti uranium wa ku mgodi wa Kayelekera, ku Karonga, ndi malonda, si zinyalala. Komabe msewu wake ndi womwewo, ngozi zake n'zofanana. Kuyambira mu 2009 mpaka mgodiwo utaima mu 2014, katunduyu ankayenda pa mathiraki kudzera ku Zambia mpaka ku doko la Walvis Bay ku Namibia, ndipo mu 2025 kampani ya Lotus Resources inautsegulanso.

Chimene chimandisowetsa mtendere kwambiri ndi tizipangizo ting'onoting'ono totulutsa cheza ta m'zipatala, m'migodi ndi m'makampani omanga misewu tikatha ntchito. Ku Goiânia, ku Brazil, mu 1987 anthu awiri anatenga chitsulo m'chipatala cha khansa chosiyidwa n'kukachigulitsa kwa wogula zitsulo zakutha. Munali ufa wa caesium-137 wowala mobiriwira ngati thambo, umene anthu anagawana ndi abale awo posadziwa. Anthu anayi anamwalira, mmodzi mwa iwo mtsikana wa zaka 6, ndipo oposa 100,000 anayezedwa. Aliyense amene anaonapo anyamata akutola zitsulo m'Ndirande kapena ku Mchesi akudziwa kuti zimenezi n'zotheka kwathu kuno. Zipangizo zotere zimayenera kubwezedwa kwa amene anazigulitsa, ndipo ulendo wobwererawo umadutsanso pa Mwanza, Dedza, Mchinji kapena Songwe.

Sindikupempha kuti muzilengeza tsiku ndi ola limene thiraki inyamuke, popeza zimenezo zingaitane akuba. Koma ulendo ukatha palibenso chifukwa chobisira. Chaka chilichonse tulutsani lipoti m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Kyangonde lofotokoza zilolezo zimene munapereka, mtundu wa katundu, chipata chimene anadutsira ndi ngozi zimene zinachitika, ndipo lipotilo likakambidwe ku Nyumba ya Malamulo komanso kumakhonsolo a maboma okhudzidwa. Mutiuzenso ngati zipata zonse zinayi zili ndi makina oyezera cheza, ndi amene amalipira mudzi ukaipitsidwa.

Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho yankho lanu ndikuliyembekezera polemba, m'manyuzipepala ndi pa wailesi za m'madera.

Ine wanu,
Nzika ya ku Karonga