Tisamangowerenga mbande, tifunsenso za nthaka

Akonzi,

Nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa mu Disembala, pa wailesi timangomva kuchuluka kwa mbande zomwe zadzalidwa. Sindimva wina akufunsa kuti mtengowo ndi wa mtundu wanji, nanga pakatha zaka 20 udzakhala utaisiya bwanji nthaka. Ine ndine mlimi ku Lusangazi kuno ku Mzuzu, ndipo nkhaniyi imandidetsa nkhawa chifukwa anthu ayamba kudzala paini ndi bulugamu m'minda yeniyeni ya chimanga.

M'dothi muli tizilombo tosaoneka ndi maso komanso ulusi wa bowa. Zimenezi, pamodzi ndi mizu, zimatulutsa ma enzayimu amene amaphwanya masamba ogwa kuti chakudya chibwerere kwa mbewu. Ntchito yake ndi ngati ya chimera m'thobwa: popanda chimera phala silitsekemera. Enzayimu ina imamasula fosifolasi m'zinyalala, ina nayitrojeni. Ngakhale feteleza wa Urea wodula uja amadikira enzayimu yotchedwa urease kuti imusinthe chimanga chisanayambe kumudya bwino. Tsono tizilomboti timadya zomwe mtengo wagwetsa, ndiye mtundu wa mtengo ndi umene umalamula ntchito yonseyi.

Paini wodzaza ku Chikangawa, nkhalango ya mahekitala oposa 50,000, kwawo ndi ku Mexico. Adadzalidwa poyembekezera fakitale ya zopangira mapepala ku Chintheche, yomwe sidamangidwe. Masamba ake ndi olimba, automoni, ndipo amangounjikana pansi osavunda msanga. Dothi lathu lofiira lili kale ndi asidi wambiri poti mvula ya kuno imatsuka mchere wa m'nthaka, ndiye paini amangowonjezera. Asidi akachuluka, ayironi ndi aluminiyamu wa m'dothi amagwira fosifolasi osamutaya, mizu ya chimanga n'kupinimbira. Mnansi wanga adadula paini wake n'kudzalapo chimanga. Feteleza adathira ndithu, koma mmera udali wonyozoloka, masamba ofiirira m'mbali, ndipo iye ankadandaula kuti amugulitsa feteleza wachinyengo. Mtima udandiwawa, chifukwa vuto lidali pansi pa mapazi ake.

Bulugamu wochokera ku Australia naye masamba ake ali ndi mafuta komanso ukali umene umafooketsa ma enzayimu, kuwonjezera pa madzi ndi chakudya chomwe amamwa mofulumira.

Pitani ku Kaning'ina, kumene mombo ndi masuku zikadalipo, mufukule pansi ndi dzanja. Masamba a mitundumitundu amavunda nthawi zosiyana, ndipo dothi la pamwamba ndi lakuda, lofewa. Mizu ya mitengoyi imakhalira limodzi ndi bowa: mtengo umapatsa bowa shuga, bowa n'kumautapira fosifolasi. N'chifukwa chake ndelema ndi manyame sizimera pomwe mombo watha ndi makala. Moto wa chaka ndi chaka nawo umapsereza masamba amene akadadyetsa tizilomboti.

Sindikunyoza paini. Matabwa ake aphunzitsa ana ambiri mumzinda muno, ndipo m'mapiri osalimika ali ndi malo ake. Koma munda wa chakudya umafuna mitengo ngati gilisidiya ndi ombwe, yomwe masamba ake ali ndi nayitrojeni wambiri ndipo amavunda msanga, monga umachitira msangu kwa anzathu a kunyanja.

Pempho langa lipite kwa akatswiri a pa Lunyangwa Research Station ndi a zankhalango pa Mzuzu University. Tiyezereni dothi la pansi pa paini, pa bulugamu ndi pa mombo m'madera athu omwe ano, zotsatira zake mutiuze m'Chichewa ndi m'Chitumbuka kudzera mwa alangizi. Nawo mabungwe ogawa mbande azifunsa kaye komwe mlimi akukadzala. Amene wadula paini auzidwe za laimu wochepetsa asidi m'dothi ndi manyowa asanagule thumba la feteleza.

Mlimi wodera nkhawa,
Lusangazi, Mzuzu