Tipite ndi ana kukathandiza osauka kunja, kapena tingotumiza ndalamazo?

Okondedwa Alangizi,

Ndife makolo awiri amene tagwirizana pa zambiri koma tasemphana pa chinthu chimodzi. Tikukonza ulendo wa milungu 3 wopita kunja pamodzi ndi ana athu a zaka 15, 9 ndi 4, ndipo masiku 10 a ulendowo tikufuna kukagwira ntchito mongodzipereka pakati pa anthu osauka a kumene tikafikeko. Dziko lake sitinasankhe, chifukwa tikufuna tipeze kaye ntchito yoyenera, dziko lidzatsatire pambuyo. Mmodzi wa ife akuti tipite. Winayo akuti ndalama yolipira kampani yokonza ntchitoyo ingachite zambiri itangotumizidwa kwa anthuwo. Tiloleni tiyale kaye zimene tikudziwa, kuti inu mutithandize pokhapo pamene patikanika.

Ntchito imene mabungwe okonza maulendo otere amafulumira kupatsa mabanja ndi yokacheza ndi ana m'nyumba zosungira ana amasiye. Imeneyi taikana kale. Mabungwe oona za ana akhala akunena kuti pa ana 10 aliwonse okhala m'nyumba zotere, pafupifupi 8 ali ndi kholo lamoyo. Chinawatengera kumeneko ndi umphawi ndi lonjezo la sukulu, osati imfa ya makolo. Ku Cambodia nyumba zimenezi zinachuluka ndi 75 peresenti pakati pa 2005 ndi 2010, zaka zomwenso alendo odzaona dzikolo ankachulukirachulukira. Chivomezi cha 2010 chitachitika ku Haiti, anthu 10 a ku America anamangidwa akufuna kuwolotsa ana 33 kupita nawo ku Dominican Republic, ndipo zinadziwika kuti ambiri mwa anawo makolo awo analipo. Mu 2018 dziko la Australia linakhala loyamba kuvomereza kuti kusonkhanitsa ana m'nyumba zotere pofuna kukopa ndalama za alendo ndi mtundu wa ukapolo wa masiku ano. Ngakhale pamalo pomwe palibe chinyengo, mwana wamng'ono amafuna munthu wokhazikika womulera. Mlendo afika, amunyamula, amuzoloweza milungu iwiri, n'kunyamuka. Mwezi wotsatira abwera wina. Mwana amene amathamangira kukumbatira mlendo aliyense alendo amamuona ngati wansangala, pamene odziwa za kakulidwe ka ana amaona bala.

Kuphunzitsa m'kalasi nakonso sikutikhutiritsa. Masiku 10 sakwana ngakhale kudziwa mayina a ana 60. Mlendo aliyense akafika amayambira pomwe pamamuvutira pang'ono, ndiye kuti mitundu ya zinthu, ziwalo za thupi ndi kuwerenga mpaka 20, ndipo ana amabwereza zomwezo chaka chonse pamene silabasi yaima. Mphunzitsi weniweni amakhala pakona kumasulira.

Chatsala ndi ntchito yamanja, ndipo apa ndi pamene tikufuna mutimvetsere bwino. Kumanga chimbudzi cha sukulu kapena kuthira pansi pa kalasi kumaoneka kosavuta, koma zolakwika zake zimaonekera alendo atapita kale. Konkire wamba amasakanizidwa muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala. Wosazolowera fosholo amawonjezera madzi kuti matope afewe, ndipo madzi ochulukawo ndi amene amafooketsa konkire. Akathiridwa amafuna kunyowetsedwa masiku osachepera 7, ndipo amafika pa mphamvu yake yoyezedwa patatha masiku 28. Ife tidzakhala titachoka tsiku la 10. Ming'alu ikadzayamba, wodzaikonza ndani, ndi ndalama ya yani? Dzenje la chimbudzi liyenera kutalikirana ndi chitsime mamita osachepera 30 ndi kukhala kumunsi kwake, koma kumene madzi a pansi pa nthaka amafika nyengo ya mvula amadziwa ndi eni malo, osati munthu wofika nyengo yadzuwa. Mjigo nawo vuto lake si kukumba. Umafa chifukwa cha timphira tating'ono ta mkati mwa pampu timene timatha, pakasowa wogulitsa zipangizozo pafupi, wodziwa kuzisintha, ndi thumba la ndalama zogulira. Palinso mfundo imene timaiona yolemera koposa: ntchito yokankha wilibala ndi kunyamula njerwa ndiyo imene munthu wosauka wa kumaloko akanalembedwa n'kulandirapo malipiro. Ife tikaigwira mwaulere, tamuthandiza kapena tamulanda?

Kuwonjezera apo, mabungwe ambiri omanga nyumba salola mwana wosakwana zaka 16 pamalo omangira, ndipo makina odulira ndi kubowolera amawasungira a zaka 18. Ana athu onse atatu sanafike 16. Funso lathu loyamba ndi limeneli: ndi ntchito yanji imene banja lotere lingagwire masiku 10, yoti eni malo anaipempha okha, yosalanda munthu ganyu, yoti ikapitirire ife titachoka? Taganizapo za kudzaza timachubu pa nazale ya mitengo, kulongedza chakudya pamalo ogawira, kutola zinyalala m'mbali mwa nyanja pamodzi ndi gulu la kumaloko, ndi kusanja mabuku m'laibulale. Mmodzi wa ife ali ndi luso la kasungidwe ka mabuku a ndalama, ndipo akhoza kukhala masiku angapo ndi msungichuma wa kagulu kena kukonza kaundula wawo. Koma zikatero, kholo limodzi likhala likugwira ntchito pamene linalo likuyang'anira wa zaka 4, amene sangapirire maola oposa awiri pamalo amodzi. Kodi zimenezo n'kudzipereka kwa banja, kapena ndi kwa munthu mmodzi wopita ndi omuperekeza anayi?

Funso lachiwiri ndi la kusankha bungwe. Mabungwe akale monga VSO, lomwe linayamba mu 1958, ndi Peace Corps ya mu 1961, amatumiza anthu kwa miyezi yambiri kapena zaka ziwiri, ndipo si a maulendo a mabanja. Otsala ambiri ndi makampani a maulendo amene amalipiritsa. Kulipira pakokha sitikukuona kolakwika, pakuti malo ogona, chakudya, galimoto ndi womasulira zimafuna ndalama, ndipo si bwino kuti osaukawo ndiwo atidyetse. Chimene timafunsa ndi ichi: pa 100 iliyonse imene tilipire, ndi zingati zikafike ku ntchitoyo, zingati kwa banja lotisunga, zingati zitsale ku ofesi? Timafunsanso kuti ntchitoyi anaipempha ndani, amene amaiyendetsa alendo kulibe ndani, ndiponso ngati ali ndi malamulo olembedwa oteteza ana. Bungwe limene silitifunsa kalata ya ku polisi yosonyeza kuti tilibe mlandu, koma likulonjeza kutisiya tokha ndi ana a eni, ndiye kuti limalola wina aliyense. Vuto n'lakuti onse aphunzira kuyankha mokoma. Inu mungatiuze njira yotsimikizira mayankhowo tili kutali? Kodi n'chipongwe kupempha kulankhula ndi mtsogoleri wa kumaloko popanda wa kampani pa foni?

Za mapepala tazitsata. Maiko ambiri amafuna pasipoti yotsala ndi miyezi 6 isanathe, ndipo mapasipoti a ana m'maiko ambiri amatha msanga kuposa a akulu. Tidzatenga zikalata za kubadwa za ana, komanso kalata yolumbirira ya chilolezo kuti mwina kholo limodzi lingafunike kubwerera ndi ana lokha. Pamene pali msampha ndi pa viza. Maiko ena amawerengera kudzipereka ngati ntchito ngakhale palibe malipiro. Ku Nepal kugwira ntchito yodzipereka pa viza ya mlendo wodzaona malo n'kosaloledwa, pamene India imalola ntchito yotere yosalipidwa mpaka mwezi umodzi pa viza yake ya pa intaneti. Makampani ena amangolangiza kuti pabwalo la ndege munene kuti mwabwera kudzaona malo basi. Ife sitikufuna kuyamba ulendo wophunzitsa ana chifundo ndi bodza lonenedwa iwo akumva. Inshuwalansi nayo ili ndi timalemba tating'ono: yambiri ya apaulendo siilipira ngozi yochitika pa ntchito yamanja kapena pamakwerero, ndipo ina ilibe gawo lonyamula wodwala pa ndege kupita ku chipatala chachikulu, lomwe ndilo lodula kuposa zonse. Kodi kalata ya kampani ya inshuwalansi yotchula ntchitoyo ndi dzina ndi yokwanira?

Pa zaumoyo tidzaonana ndi dokotala kutatsala milungu 6 mpaka 8. Satifiketi ya katemera wa yellow fever imayamba kugwira ntchito patatha masiku 10 chibayireni, ndipo kuyambira 2016 imakhala ya moyo wonse. Katemera wa chiwewe wodzitetezera pasadakhale amabayidwa kawiri, motalikirana masiku 7, ndipo timamuona wofunika kwa ana chifukwa amaseweretsa agalu ndi anyani n'kubisa akakandidwa. Akalumidwa, bala limatsukidwa ndi sopo ndi madzi mphindi 15, kenako kuchipatala ndithu, ngakhale anabayitsa kale. Mankhwala oteteza malungo si amodzi kwa onse: doxycycline sapatsidwa mwana wosakwana zaka 8, atovaquone-proguanil amayambidwa tsiku limodzi kapena awiri musanafike n'kupitirizidwa masiku 7 mutachoka, ndipo muyezo wa mwana umatsata kulemera kwake. Dengue, nthenda yotentha thupi yofalitsidwa ndi udzudzu, ilibe mapiritsi oiteteza, udzudzu wake umaluma masana, ndipo mwana akatentha thupi kumalo a dengue amapatsidwa paracetamol, osati aspirin kapena ibuprofen, chifukwa awiriwa amawonjezera kutaya magazi. Chimene chimagwetsa ana ambiri paulendo ndi kutsegula m'mimba. Paketi ya ORS imasungunulidwa m'madzi a muyezo wolembedwa pa paketipo, osachepetsa madzi poganiza kuti mankhwala akhale amphamvu. Malo okwera monga mzinda wa Cusco ku Peru, pa mamita 3,400, tawachotsa pa mndandanda, poti wa zaka 4 sangathe kufotokoza kuti mutu ukumupweteka chifukwa cha kuchepa kwa mpweya. Kumudzi kumene kuli maola 5 kuchokera ku chipatala chokhala ndi dokotala wa ana nakonso tikukayika. Inu malire mungawaike pa maola angati?

Mphatso sitidzanyamula zambiri. Masutikesi a zovala zakale amalipiritsidwa pa ndege, nthawi zina ndi pa kasitomu, kenako amakapha msika wa telala ndi wogulitsa wa kumaloko. Makope ndi mapensulo ndi bwino kukagula komweko n'kupereka kwa mphunzitsi wamkulu, osati kugawa m'manja mwa ana pamsewu, chifukwa kutero kumaphunzitsa ana kujomba kusukulu n'kumadikira galimoto za alendo. Mankhwala otsala m'nyumba ayi: malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati mankhwala operekedwa ngati thandizo akhale opemphedwa ndi olandirawo ndipo akhale otsala ndi chaka chathunthu asanathe mphamvu pofika m'dzikomo. Zithunzi za ana a eni sitidzaika pa Facebook. Komabe tikudziwa kuti m'malo ambiri mlendo wofika chimanjamanja kwa omusunga amaoneka wopanda ulemu. Tingapereke chiyani kwa banja lotisunga, chosawachititsa manyazi komanso chosayambitsa nsanje ndi oyandikana nawo?

Chimene chikutisowetsa tulo kwenikweni ndi ana athu omwe. Tikufuna aone mmene anthu ena amakhalira, koma tikuopa kuti angabwere ndi phunziro lolakwika, loti osauka ndi anthu ongodikira kuti wina abwere kudzawakonzera moyo, kapena loti iwo ndi amwayi basi nkhani n'kuthera pomwepo. Wa zaka 15 wayamba kale kunena kuti ulendowu udzamukometsera mapepala ofunsira malo ku koleji. Wa zaka 9 ndi wamtima wofewa, ndipo sitikudziwa kuti tidzamuyankha chiyani akadzafunsa chifukwa chimene ife tikubwerera kunyumba ya magetsi mnzake watsopanoyo n'kutsala. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo mwana wa kumaloko amene adzazolowerane ndi athuwa masiku 10 nayenso adzatsala ndi funso lake. Kodi anawa tiwakonzekeretse bwanji tisananyamuke, ndi mawu otani pa msinkhu uliwonse? Tiwalole kulonjeza kuti adzalemberana makalata, pamene tikudziwa kuti malonjezo otere ambiri amazirala miyezi ingapo ikadutsa?

Tsono kusemphana kwathu kuli apa. Mmodzi akuti tisadzinamize: masiku 10 a anthu asanu osadziwa chilankhulo cha kumeneko sangafanane ndi malipiro a mmisiri kapena mphunzitsi wa komweko kwa miyezi ingapo, choncho ndalama ya kampani ija tiipereke ku bungwe la eni dera, ife tiyende ngati alendo wamba, tizigona m'nyumba za alendo za eni dziko, kulemba otiperekeza a komweko ndi kugula kwa amalonda ang'onoang'ono. Winayo akuti munthu amene wagwira fosholo limodzi ndi anthu, wadya nawo, ndiye amapitiriza kuthandiza zaka 20, pamene wongotumiza ndalama amaiwala chaka chisanathe, ndipo ana saphunzira kanthu pa risiti ya ku banki. Pali njira yachitatu imene taikambirana, yoti tidikire zaka 3 kufikira wamng'onoyo atakwana 7 ndipo wamkuluyo 18, pakadali pano tikuthandiza bungwe limodzi mwezi ndi mwezi, kuti tikadzapita tidzakhale anthu odziwika kale kwa iwo. Koma pofika nthawiyo wamkuluyo adzakhala atachoka pakhomo.

Matikiti tiyenera kugula miyezi 4 ikubwerayi isanathe kuti katemera ndi viza zitheke bwino. Mwa njira zitatuzi mungatilangize iti, ndipo ngati ndi yopita tsopano, wa zaka 4 apite nafe kapena atsale ndi achibale?

Ndife owerenga anu,
Bambo ndi mayi a ana atatu