Lembani za khansa yotupitsa ana nsagwada

Akonzi,

Ndine Mmalawi wokhala kuno ku Johannesburg. Tsiku lina pamsonkhano wa bungwe lathu la maliro, mayi wina anadandaula kuti mwana wa achemwali ake kumudzi watupa nsagwada, ndipo abale akungomuzungulitsa kwa asing'anga poti walodzedwa. Zinandiwawa mumtima, chifukwa chotupa chotere chikhoza kukhala khansa ya Burkitt lymphoma.

Dzinali ndi la Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni wa ku Ireland amene ankagwira ntchito pachipatala cha Mulago ku Kampala. Analemba za chotupachi mu 1958. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anauyamba ulendo pagalimoto kuchokera ku Uganda, kudzera kwathu ku Nyasaland, mpaka kufika kuno ku Joni, akufunsa chipatala ndi chipatala. Anapeza kuti matendawa ngochuluka kumadera otentha ndi amvula, komwenso malungo sakata. Tizidutswa ta chotupa timene ankatumiza ku London tinathandiza Anthony Epstein ndi anzake kutulukira kachilombo ka Epstein-Barr mu 1964.

Chotupachi chimakula mothamanga koopsa, komatu mankhwala monga cyclophosphamide amachiphwetsanso msanga. Pachipatala cha Gulupu ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux anathera zaka zambiri akuchiza ana otere.

Chonde akonzi, tilembereni nkhaniyi m'Chichewa, ndi zizindikiro zake zomwe, kuti tizitumizira abale pa WhatsApp pamodzi ndi ndalama ya thiransipoti yopitira kuchipatala.

Wowerenga wanu,
Johannesburg